Tingajambule bwanji zithunzi za m'magazini a pulp osang'amba pepala?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa magazini a pulp, omwe ndi magazini akale a ku America a pepala lotchipa, a nthano za maulendo ndi zoopsa, monga Adventure yomwe inayamba mu 1910. Cholinga ndi kusunga zithunzi zake pa kompyuta.

Zikuto anazisindikiza pa pepala losalala kuchokera ku zojambula za penti ya mafuta, ndipo mitundu yake ndi timadontho ting'onoting'ono. Mukaika pa sikana pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), timadonthoti timabala mizere yonga ya ukonde, makamaka pankhope ndi pa thambo. Kodi ndi bwino kukweza kufika 600 dpi n'kuchepetsa pambuyo pake, kapena kugwiritsa ntchito descreen, njira ya pa sikana yochotsa mizere ya ukondeyo? Descreen ndimaikayikira, imafafaniza mikwingwirima ya burashi yomwe ndiyo mtima wa chithunzicho.

Vuto lalikulu lili m'kati. Pepala lake ndi la phala la mitengo, lokhakhala, lomwa inki, n'chifukwa chake ojambula ankangogwiritsa ntchito cholembera ndi burashi youma, zakuda zokhazokha. Asidi wa m'pepalamo walisandutsa lofiirira, m'mphepete mukuyoyoka ngati fodya wouma. Masamba anawamanga ndi mapini cham'mbali, chikuto n'kumata ndi guluu, ndiye mukatambasula magaziniyo pagalasi la sikana msana umathyoka.

Amene munayesapo kamera yoyang'ana pansi, nyali ziwiri pa madigiri 45, kodi mizere yopyapyala ija imatuluka bwino? Nanga pepala lakuda kuseri kwa tsamba limabisadi malemba oonekera? Ndipo mapini a dzimbiri, tiwazule kapena tiwasiye?