Mwana wanga akufuna kukwera mapiri a sinoo ku Switzerland, ndimuuze chiyani?

Mayi wa ku Area 25:
Abale pagulu pano, ndithandizeni. Mwana wanga akuphunzira ku Switzerland, ndipo iye ndi anzake akonza zokayenda m'mapiri sabata ino, kutali ndi njira zokonzedwa, pomwe kukugwa sinoo wambiri ndi chimphepo. Chigumukire cha sinoo chimadziwika bwanji chisanachitike?

Bambo wa ku Kawale:
Mayi, choyamba asapite nthawi ya namondwe, ngakhale tsiku limodzi kapena awiri otsatira. Sinoo amagwa mosanjikizana ngati mikeka. Pena pakati pamatsala mzere wofooka, wa timibulu tonga shuga, ndiye mphepo imadzaunjika chibenthu cholimba pamwamba pake. Munthu akaponda, mzere wapansiwo umasweka, chibenthu chonse n'kutsetsereka kamodzi ngati napolo wa ku Mulanje. Nthawi zambiri woyambitsa amakhala wokwiriridwayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo.

Poopsa kwambiri ndi potsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka kuseri kwa msana wa phiri kumene mphepo imakataya sinoo. Sinoo watsopano akafika masentimita 30 pa maola 24, asayerekeze n'komwe. Akamva pansi pakulira kuti "vuu" kapena akaona ming'alu ikuthamanga kuchokera pamapazi ake, abwerere pomwepo.

Mlongo wa ku Area 47:
Ndionjezerepo, mayi. Bungwe lofufuza za sinoo ndi zigumukire la SLF, la ku Davos ku Switzerland komweko, limatulutsa chenjezo tsiku lililonse nyengo yozizira, ndipo limapezeka pa pulogalamu ya pafoni ya White Risk. Muyezo wake ndi 1 mpaka 5. Ambiri amapeputsa 3 poti ali pakati, komatu ndi pamene anthu ochuluka amafera.

Aliyense avale transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro, kothandiza kupeza munthu wokwiriridwa) pathupi, mkati mwa jekete osati m'chikwama, anyamule ndodo yofufuzira ya masentimita 240 kapena kuposa, ndi fosholo yachitsulo. Yapulasitiki imathyoka, chifukwa sinoo wa chigumukire akaima amalimba ngati konkire. Pamalo okayikitsa aziwoloka mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pabwino.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri. Nanga foni siyingakwanire kuitana thandizo?

Bambo wa ku Kawale:
Ayimbe ndithu, 1414 ya Rega (bungwe lopulumutsa anthu pa helikopita) kapena 112, koma asadikire helikopita manja ali m'thumba. Wokwiriridwa akafukulidwa mphindi 10 zisanakwane, pafupifupi 9 mwa 10 amapulumuka. Kupitirira apo mpweya umatha msanga. Ndiye omupulumutsa ndi anzake omwewo, ndipo ayenera kuti anayeseza kale kufufuza ndi kukumba. Foni imasokonezanso transceiver, choncho izikhala masentimita 20 kutali nayo, ndipo pofufuza munthu masentimita 50.

Ngati sanaphunzirepo zonsezi, muuzeni ulendo uno ausiye, ayambe walembetsa maphunziro a chigumukire kapena apite ndi wotsogolera wovomerezeka.