Kodi "mfulu" wa m'mwambi uja ndi ndani kwenikweni?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Patsepatse nkulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha." Mbali yoyambayo ndimaimva. Chinthu chimene wachipeza chifukwa chomuumiriza mwini wake mpaka watopa nawe, chili ngati wachita kulanda. Pandisokoneza ndi pa mawu akuti mfulu.

Lamulungu lapitali mlaliki wina kwathu anautchula mwambiwu mbale ya chopereka ili pafupi kuzungulira. Iye anati mfulu ndi munthu wopata, ndiye opatawo asadikire kuchondereredwa. Anthu anaseka, ena anapisadi m'thumba, koma ine mtima unakana. Agogo anga sankaugwiritsa ntchito choncho.

Ndikukumbukira njala ya 2002 tili kumudzi ku Dedza. Kunyumba kwathu tinkagonera maungu aawisi ophika pamodzi ndi masamba ake. Pafupi nafe panali mayi wina wa m'gulu la amayi a mpingo la Chigwirizano, wamasiye, nkhokwe yake yopanda kanthu ngati yathu yomwe. Akapeza gaga kuganyu, madzulo ankatuma mwana wake ndi kambale kovundikira ndi kanzake, kudzera kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Mwanayo amangoika pakhonde n'kuthawa. Sitinapemphepo ngakhale tsiku limodzi. Agogo akavundukula ankangoti, "Uyu ndiye mwana wa mfulu." Ndiye wopata wake uti pamenepa?

Bambo anga nthawi imeneyo tchalitchi ankachiona ngati malo opumira amayi. Abusa anabwerapo, akulu a mpingo anabwerapo, iwo amangowayalira mphasa n'kuzemba. Koma chimanga chitacha anayamba okha kalasi ya kutchalitchi. Titawafunsa anati akufuna akamuone Mulungu amene amaphunzitsa munthu wanjala kugawa nsima yake. Mayi ujatu sanawalalikirepo ndi vesi limodzi lomwe.

Ndatsegula Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo mawuwa ndawapezamo pawiri mosiyana. Pa Agalatiya 3:28 akuti mwa Khristu mulibe kapolo kapena mfulu. Apa zikumveka, mfulu ndi munthu wosakhala kapolo, ndipo mawu akuti ufulu akuchokera pomwepa. Koma pa Machitidwe 17:11 anthu a ku Bereya akutchedwa mfulu koposa a ku Tesalonika, chifukwa analandira mawu ndi mtima wonse n'kumafufuza m'malembo masiku onse. Pamenepa nkhani ya ukapolo palibe, akunena za mtima wa munthu. (Mwana wanga wa Sitandade 6 akuti ndi fulu, kamba uja. Ndamusiya, ndi wa m'tauni.)

Maganizo anga ndi akuti makolo ankaona kuti kapolo amapereka chifukwa walamulidwa, pamene mfulu palibe womukakamiza, choncho akapatsa ndiye kuti zachokera mumtima. Ngati zili choncho, mlaliki uja anaugwira mwambi kumchira, chifukwa mbali yoyambayo ikudzudzula wopemphayo, ndipo tsiku limenelo wopempha anali iyeyo.

Tsono inu a ku Kasungu, Mchinji, Chipata ngakhale ku Tete, kwanu mfulu mumamutchula munthu wotani? Ndi wobadwira ku banja la ufumu, wosagulidwa, kapena wopatsa basi? Ndipo alipo anamvapo agogo awo akunena mwambiwu ndi mathero ena? Mnzanga wina wa ku Ntcheu akuti kwawo amangolekeza pa "patsepatse nkulanda", za mfuluzo anazimvera kwa ine.