Njinga ya mwana uja: tigule kapena tisiye?

NaPhiri (mlembi): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija ya mtsikana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake kuseri kwa Bembeke. Wasankhidwa Fomu 1 ku CDSS, sekondale yoyendera, koma kuchoka kwawo kukafika kusukuluko ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Yunifolomu, nsapato ndi makope tagula kale. Zimene zatsala m'thumba zikhoza kukwana njinga imodzi yolimba. Tigule?

aJere: Gulani lero lomwe. Tikudikiranji?

Mayi a Chisomo: Pang'onopang'ono aJere. Ine njinga ndilibe nayo mlandu, nkhawa yanga ili pa malume ake. Kwathu kuno mwinimbumba akanena kuti "ndibwereke kaye" palibe amene amatsutsa, ngakhale agogowo. Sabata yoyamba ipita kusukulu, yachiwiri mudzaipeza pa Lizulu itasenza matumba awiri a kachewere. Ikadzatha chaka ili pa kabaza. Ndinaziona ndi maso angawa kwa mlamu wanga, mwana anangotsala ndi pampu.

aJere: Ndiye chifukwa cha malume mmodzi mwana aziyenda maola anayi tsiku lililonse?

Aphunzitsi opuma: Ndilankhuleko monga munthu amene ndagwira choko zaka zambiri. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 ana amasiye ambiri amafika Sitandade 8, makamaka kumene kuli phala. Amatithawa akafika ku sekondale, ndipo chimawagwetsa kawirikawiri si nzeru ayi, ndi mtunda. Mtsikana adzuke nkhuku zisanatsike, atunge madzi, asese, awaphikire agogo, ndiyeno ayambe ulendo. Akufika m'kalasi phunziro loyamba latha, thukuta lili kamukamu, m'mimba muli gwaa. Pobwerera dzuwa lapendeka, panjira anyamata a njinga zamoto akumuimika kuti "kwera ndikakutule". Kukwera kumeneko ndi kumene kumabala mimba. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka kumunsi kwa Dedza konkuno, koma lamulo silimuperekeza mwana panjira.

NaBanda: Zoona aphunzitsi. Koma mwaiona njira yakeyo? Zitunda zokhazokha. Mvula ikayamba mu Disembala dothi lofiira lija limamata m'matayala, njinga umachita kuinyamula ndiwe. Mu Juni nkhungu ndi chisanu, manja amachita kuuma pa hendulo. Bwanji ndalamazo timulipirire kanyumba pafupi ndi sukulu?

Mayi a Chisomo: Selofu? Ayi ayi achemwali, bola njinga yomweyo. Mwana wa zaka 14 kugona yekha pa tauni, ufa ukatha adzapempha kwa ndani? Komanso agogowo maso anayamba kuvuta, awatungira madzi ndani?

NaBanda: Pamenepo ndagonja.

aNgozo: Ine maganizo anga ndi ena. Mbuzi ziwiri zazikazi. Njinga ikangotuluka m'sitolo yayamba kale kutha, pomwe mbuzi imaswa. Akadzafika Fomu 2 ndalama ya zofunika kusukulu mudzangogwira kamwana kamodzi n'kupita nako kumsika, Fomu 4 chimodzimodzi. Apo ayi tizidzasonkhanso chaka ndi chaka, ndipo tikudziwana mmene timavutira kusonkha pagulu pano.

aJere: Mbuzi akwera popita kusukulu?

aNgozo: Sekani, koma chubu chikaphulika mudzatumiza ndinu ya chigamba.

Aphunzitsi opuma: Funso la aNgozo lisatayidwe. Njinga imadya: matayala, machubu, masipoko, tcheni, mabuleki makamaka kumitsetse ngati kwathuku. Mukagula zonyezimira zotchipa zija, miyezi itatu felemu yapindika. Ngati tigula, tigule yachitsulo cholimba ngati Buffalo, imene kaliyala yake anaipangira katundu wolemera, ndipo tisiyeko kangachepe kokonzetsera.

NaPhiri (mlembi): Agogowo ali pa Mtukula Pakhomo, ndipo pamakhala kena kowonjezera chifukwa cha mwana wa pasukulu. Koma tisawerengere imeneyo, imathera chimanga ndi sopo, nthawi zina imachedwanso.

Mayi busa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Vuto la malume lili ndi mankhwala ake. Njingayo isakhale mphatso ya pakhomo, ikhale ya gulu lino, mwana tangomubwereka mpaka adzalembe MSCE. Tikaipereke masana, pamaso pa nyakwawa, amayi a mother group ndi ahedi, malumewo ali pompo, asainire nawo. Munthu sangatenge katundu wa mpingo kupita naye pa kabaza mudzi wonse ukuona. Akadzamaliza, ipite kwa mwana wina.

Mayi a Chisomo: Zikatero ndiye ndavomera, koma nambala ya felemu ilembedwe m'buku. Ndipo Loweruka agogo akafuna kuchigayo izipita, tisachite kuumitsa ngati ya boma.

aNgozo: Ine ndidakali pa mbuzi, koma sindikaniza. Mundilembe kuti ndinanena.

aJere: Talemba aNgozo, ndi inki yofiira.

NaBanda: Pepani ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono. Tonse takamba, koma mwini wake alipo amene wamufunsa? Amatha n'kupalasa komwe? Ine ndinaphunzira ndili ndi ana awiri kale.

NaPhiri (mlembi): Iii, zoona, sindinamufunse. Agogo alibe foni. Ndikwera Lachisanu ndikamuone, ndikamuyesa pa njinga ya akatekisiti. aJere musapite kusitolo kaye.