Outlander yotchaja pa soketi, ya 2014: ndigule kapena ndisiye?

Wa ku Santhe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ku Lilongwe kuli galimoto ya Outlander PHEV ya 2014, yangofika kumene kuchokera ku Japan. Ija yoyendera petulo komanso magetsi otchaja pakhoma. Ine kugona pamzere wa mafuta kwandikwana.

Amakanika a pa Boma: Achimwene, mtengo muusiye kaye, funsani za batire lalikulu lija loyendetsa galimotoyo. La chaka chimenecho ndi la 12 kWh (mayunitsi 12 a magetsi), ndipo lili latsopano ankati limakwana makilomita oposa 50 injini isanalire. Koma pano latha zaka zoposa 10. Batire limakalamba ngati la foni, m'mawa ladzaza, pofika masana lafwifwa. Penti ikhoza kuwala bwanji, mkatimo muli nkhalamba.

Wamatola: Hahaha galimoto yodalira magetsi kuno ku Kasungu? Akathima masiku awiri muziikankha?

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Ayi bambo, sizitero. Batire likatha injini imadzuka yokha, ulendo n'kumapitirira pa petulo. Komanso kulidzaza sikudya zambiri, mayunitsi 10 kapena kuposera pang'ono, kwa maola ngati asanu. Kwa munthu wongozungulira m'tauni muno, kusukulu, kumsika, kutchalitchi, sabata imatha osaponda pomwetsera mafuta.

Wamatola: Nanga iwowa amazungulira m'tauni? Pa M1 kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130. Magetsiwo athera panjira, kwatsalako injini ikukoka chibatire chopanda kanthu ngati matumba a feteleza. Gulani Sienta mugone tulo.

Amakanika a pa Boma: Apa Wamatola sananame. China ndi chingwe chotchajira. Ku Japan magetsi awo ndi 100 kapena 200 volts, athu ndi 230, mapulagi ndi osiyananso. Chaka chatha anandiitana bambo ena, yawo inali ya mtundu wina koma yotchajanso. Anadula pulagi n'kulumikiza mawaya pa ekisitenshoni yapamsika, yodutsira pawindo la kuchipinda. Ndimafika nyumba yonse ikununkha pulasitiki wopserera, soketi itasungunuka ngati kandulo, amayi ali panja ndi ana. Pamafunika wamagetsi akoke waya wakewake wonenepa kuchokera pa bokosi.

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Eee, koma abale!

Amakanika a pa Boma: Musaiwalenso kabatire kakang'ono ka 12 volts. Kakafooka galimoto siyaka ndi pang'ono pomwe, ngakhale lalikululo litadzaza, anthu n'kumayesa kuti yafa. Izo n'zazing'ono, timasintha. Chondiopsa ine n'chakuti lalikululo limakhala kunsi kwa galimoto. Misewu ya kumaesiteti nthawi ya dzinja mukuidziwa. Mukaligunditsa pamwala, pagalaja panga sitilitsegula, ndi magetsi oti akhoza kupha munthu.

Wa ku Santhe: Ndiye mukuti ndisiye?

Aphunzitsi a ku Mtunthama: Ine ndikanagula, bola batire likhale ndi moyo.

Wamatola: Inu aphunzitsi mumayenda makilomita angati patsiku? Atatu?

Wa ku Santhe: Amakanika, Loweruka muli ndi mpata? Thiransipoti ndi nkhomaliro ndi zanga.

Amakanika a pa Boma: Ndilipo. Muwauze ogulitsawo aitchaje usiku wonse Lachisanu. Tikaiyendetsa pa magetsi okha mpaka injini ilire, tikuwerenga makilomita, kenako ndilowe kunsi ndi tochi. Akayamba zoti chingwe chasowa, tikadye nkhomaliroyo tizibwerera.