Thandizeni, kamtengo kanga ka redbud kakuchita chikasu

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku South Bend, Indiana. Mu April chaka chatha ndinabzala kamtengo ka maluwa kotchedwa redbud kutsogolo kwa nyumba, mwezi womwe mayi anatisiya ku Dedza. Maliro ndinawaonera pafoni, ndiye kamtengoka ndi komwe ndimaima ndikawakumbuka.

Chaka chino kanachita maluwa apinki mpaka pathunthu penipeni, masamba asanatuluke. Koma kuyambira mu July masamba aja ooneka ngati mtima ayamba chikasu, ena akupsa m'mbali n'kuyoyoka. Nthambi imodzi ya mbali ya kumsewu yauma yonse. Ndimathirira madzulo alionse ndi paipi, ndipo ndinaunjika makungwa ogula aja patsinde kuti chinyezi chisathawe. Dothi la pano ndi lamakande, ukaponda limakakamira kunsapato. Ndalakwitsa pati abale?

Yankho 1: Pepani ndi za mayi, achemwali. Feteleza ameneyo. Chimanga chikachita chikasu timathira urea, mtengo nawonso ndi chimodzimodzi.

Yankho 2: Ayi achimwene, asathire kaye. Mizu ikadwala, feteleza amangoiwotcha. Achemwali, ine ndikukayikira madzi. Pamakande madzi sathawa, ndiye kuthirira tsiku lililonse mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuwola. Vuto lake n'lakuti mtengo womira umaoneka ngati waludzu, masamba amafota, munthu n'kuwonjezera madzi. Kumbani ndi dzanja pafupi ndi tsinde, masentimita 10 kapena 15. Dothi likakhala lonyowa, paipi ipume. Kamodzi pa sabata, madzi ambiri pang'onopang'ono, ndi zokwanira ngati mvula sinagwe.

Yankho 3: Ndimagwira ntchito yosamalira mitengo ku Ohio kuno. Makungwa ounjika patsindewo achotseni lero lomwe. Pamene thunthu limatambasuka kukhala mizu pamayenera kuoneka pamtunda. Ngati mtengo ukulowa m'nthaka mowongoka ngati mzati wa magetsi, unabzalidwa mozama. Nthawi zambiri umachoka kale kogulitsa mbande utakwiririka m'chitini.

Koma nthambi youma mbali imodziyo ndiyo ikundidetsa nkhawa. Redbud amavutika ndi matenda awiri. Ena ndi canker, bala lakuda lolowa mkati pakhungwa lomwe limazungulira nthambi mpaka kumtunda kwake kuuma. Ena ndi verticillium wilt, nkhungu ya m'dothi yomwe imatseka njira za madzi mumtengo. Dulani nthambiyo mopendeketsa muone mkati. Mizere yoderapo pansi pa khungwa ndi chizindikiro choipa, chifukwa verticillium ilibe mankhwala. Ngati ndi canker, dulani m'munsi mwa balalo pomwe mtengo uli wamoyo, kunja kuli kouma, ndipo chodulira muzichipukuta ndi spiriti. Mukafuna yankho lenileni, tumizani kanthambi ku labotale ya matenda a zomera ya yunivesite ya Purdue ku West Lafayette, ku Indiana komweko.

Yankho 4: Funsaninso abambo a kunyumba ngati anathira mankhwala ophera zomera zosafunika pa kapinga. Redbud sapirira nawo, masamba amapiringizika. Mwa njira, mtengowu ndi pachibale ndi chitimbe cha kwathu, onse amabereka nyemba zaphwatalala.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndachokera panja pompano. Nditachotsa makungwa ndapeza thunthu lili lonyowa, ndipo ndakumba pafupifupi masentimita 10 ndisanapeze muzu woyamba. Dothi likununkha ngati matope a padambo. Nthambi ija ndadula, mizere sindinaione, koma pamene imachokera pali bala lakuda lotalika ngati chala. Ndapala khungwa la thunthu ndi chikhadabo, mkati mukadali mobiriwira. Pa kapinga abambo akuti sanathirepo kanthu.

Tsopano achimwene a ku Ohio, ndikazule n'kukabzalanso pamwamba, kapena ndingochotsa dothi lokwiriralo? Ndikuopa kukagwira mizu kunja kukutentha chonchi.

Yankho 3: Musakazule pano, redbud sakonda kusunthidwa. Palani dothi ndi manja mpaka muzu woyambawo ukhale poyera, makungwa muwayale patali ndi thunthu. Masamba achikasuwo sabwereranso, ndiye musayese nawo. Tumizani chithunzi cha balalo ndione ngati lafika pathunthu.