Za mafuta a njere ndi nyamakazi yanga: mmene zayendera

Ndabweranso kudzakuthokozani nonse amene munandiyankha miyezi 6 yapitayo, nditafunsa ngati makapisozi a mafuta a njere za zomera zotchedwa evening primrose kapena borage angathandize pa nyamakazi yotupitsa mfundo, ija amati rheumatoid arthritis. Zikomo kwambiri.

Ndinamvera amene munati ndisasiye methotrexate, mankhwala akuchipatala a nyamakaziyi, komanso ndiyambe ndaonana ndi adokotala. Iwo anandiletsa borage. Anati ngakhale mafuta ake ali ndi GLA wambiri (mtundu wa mafuta umene amati umachepetsa kutupa), chomeracho chimatha kukhala ndi poizoni wowononga chiwindi, pomwe methotrexate amachilemetsa kale. Ndiye ndinasankha evening primrose.

Miyezi iwiri yoyambirira kunali zii, kupatula kamseru, komwe kanatha nditayamba kumwa makapisoziwo ndikangodya. Mwezi wachinayi ndi pamene zala zinayamba kumasuka msanga m'mawa. Panopa mabatani a malaya ndimamanga ndekha, osaitananso mwana. Koma mawondo amatupabe, tisanamizane. Mafutawa amangochepetsako ululu, saletsa mfundo kuwonongeka. Imeneyo ndi ntchito ya mankhwala akuchipatala aja.

Amene mumamwa warfarin kapena aspirin, auzeni kaye adokotala, chifukwa mafutawa amatha kuchedwetsa magazi kuundana.