Zithunzi za 3D zimene bambo anasiya: ndizione bwanji pa laputopu?

Mwini funso: Abale pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Posanthula katundu wa malemu bambo anga ndapeza kamera ya Fujifilm FinePix Real 3D W3, ya maso awiri kutsogolo ija. Mu memory card muli zithunzi zambirimbiri zothera ndi .MPO. Pa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera zikuoneka ngati ungazigwire ndithu. Pali china mayi atakhala pampando, akutambasula dzanja, ndipo dzanjalo likuchita ngati latulukira kunja. Koma pa laputopu zina zikukana kutseguka, zina zikungotuluka ngati chithunzi wamba. Batire la kamera nalo likutha mphamvu msanga. Ndipange bwanji?

Kadzidzi: Pepani ndi zovutazo. Fayilo ya MPO ndi zithunzi ziwiri za JPEG zomangidwa pamodzi, china cha diso lamanzere, china cha lamanja. Laputopu ikukuonetsani chimodzi chokha. Tsitsani StereoPhoto Maker, ndi yaulere pa Windows, imatsegula zonse ziwiri. Kenako sankhani anaglyph, njira yosanjikiza zithunzi ziwirizo kukhala chimodzi, mupeze magalasi apepala aja, mbali imodzi yofiira, ina ya cyan (buluu wobiriwirira). Yofiira ikhale kumanzere. Vuto lake mitundu imafa. Ngati mayi anavala zofiira, nsaluyo izingothwanima m'maso mpaka kukutopetsani. Mu pulogalamu momwemo muli njira ya Dubois, imachepetsako.

Mlenje wa Zithunzi: Magalasi a chiyani? Ikani zithunzi ziwirizo moyandikana, muimike chala pakati pa nkhope ndi sikirini, muyang'ane nsonga ya chalacho. Kumbuyo kwake muona zithunzi zitatu. Chapakatiko ndiye chenicheni. Chotsani chala pang'onopang'ono maso asasunthe. Mitundu imakhala momwe inaliri.

Mwini funso: Achimwene, ndayesa mpaka misozi. Chapakatiko chikutuluka, koma zasokonekera: khoma lili patsogolo, mayi alowa mkati mwa khoma. Mutu ukuwawa.

Mlenje wa Zithunzi: Hahaha pepani, ndinaiwala kunena. Mukapingasa maso chonchi, chithunzi cha diso lamanzere chizikhala KUMANJA. Dinani X mu StereoPhoto Maker, zisinthana malo. Ndipo bwererani m'mbuyo pang'ono, musakhale ngati mukununkhiza sikirini. Mutu ukayamba, pumulani kaye.

Nyamazela: Ine kupingasa maso kunandikanika, ndimayang'ana ngati ndikuona chinthu chakutali kupyola sikirini. Pamenepo chamanzere chimakhala kumanzere komweko, koma zithunzi zikhale zazing'ono, chilichonse chisapitirire masentimita 6 kapena 6.5 m'lifupi, chifukwa maso a munthu amatalikirana pafupifupi choncho. Zikakula maso sangathe. N'chifukwa chake pa foni, mu Google Cardboard, kabokosi ka magalasi awiri kolowetsamo foni, zimandiyendera bwino kuposa pa laputopu.

Kadzidzi: Wina akakutsatsani magalasi a Nvidia 3D Vision musathamangire. Anali abwino, koma amafuna sikirini ya 120Hz, ndipo Nvidia inawasiya mu 2019. Mudzavutika ndi ma driver akale pachabe.

Mwini funso: Ndadina X. Eee abale! Dzanja la mayi lafika pamwamba pa keyboard, ndipo kumbuyo kwawo ndaona njinga ya bambo itatsamira khoma, pa kasikirini kaja sindinaione. Mlongo wanga wayesa kasanu, akuti akungoona zithunzi ziwiri basi, ndiye iyeyo ndimupezera magalasi apepala aja.

Nyamazela: Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo a MPO momwe alili muwasunge malo awiri. Mapulogalamu ena mukangosintha kanthu n'kusunga, amataya chithunzi chachiwiri osakuuzani.